Kamangidwe ka deki ya Yu-Gi-Oh! yoti ipirire mpikisano wonse

Osewera ambiri kuno ku Salima amagonja asanaponye khadi ngakhale limodzi. Makadi amphamvu amakhala nawo ndithu, koma akatola asanu oyamba amapeza kuti palibe loyambira: zilombo ziwiri zikuluzikulu zosatheka kuziika pansi, Trap imodzi, ndi makadi awiri odikira anzawo amene ali pansi penipeni pa deki. Pocheza pakhonde mumangosakanizanso n'kuyambiranso. Pa mpikisano palibe zimenezo. Raundi iliyonse amapambana ndi amene wawina magemu awiri mwa atatu, ndiye mpikisano wa maraundi 5 ndi magemu 10 mpaka 15. Deki yanu iyenera kugwira ntchito pafupifupi m'magemu onsewo, osati kamodzi kokha mwayi ukakugwerani.

## Zofunika kukhala nazo

- Makadi enieni a TCG (Trading Card Game, makadi osindikizidwira maiko a kunja kwa Asia): 40 a Main Deck (deki imene mumatolamo), osapitirira 15 a Extra Deck (zilombo zapadera zosungidwa pambali), osapitirira 15 a Side Deck (makadi osinthira pakati pa magemu).
- Masilivu (timatumba toteteza makadi) a saizi yaing'ono, yotchedwa Japanese size. Khadi la Yu-Gi-Oh! ndi mamilimita 59 m'lifupi ndi 86 m'litali. Masilivu a Pokémon kapena Magic ndi aakulu, khadi limayendayenda m'kati. Mufunika osachepera 55 ofanana a Main ndi Side, ena 15 a Extra, ndi apadera angapo.
- Kabokosi kotseka bwino kosungiramo deki.
- Mndandanda watsopano wa Forbidden & Limited List wochokera pa webusaiti ya Konami, kampani yopanga makadiwa.
- Kope ndi cholembera. Life Points (LP) 8000, mapointi a moyo amene aliyense amayamba nawo, muzizilemba papepala, osati kuzisunga m'mutu.
- Dayisi kapena kobidi, ndi kansalu koyala patebulo.
- Mapepala odula saizi ya khadi, oyesera makadi amene simunagule.
- Mnzanu mmodzi wolola kusewera nanu magemu ambiri popanda kukunyengererani.

## 1. Yambani ndi malamulo, makadi pambuyo

Main Deck imakhala ndi makadi 40 mpaka 60. Khadi la dzina limodzi lisapitirire makope 3, ndipo powerenga mumaphatikiza Main, Extra ndi Side pamodzi. Mukaika Ash Blossom atatu mu Main, wachinayi sangakhale mu Side. Pa mndandanda wa Konami, khadi la Forbidden silololedwa n'komwe, la Limited ndi limodzi lokha, la Semi-Limited ndi awiri. Mndandandawu umasintha kangapo pa chaka. Utsitseni pa foni, muujambule, kuti netiweki ikavuta mukhale nawo.

Chenjezo: anthu ambiri anaphunzirira masewerawa pa Master Duel ya pafoni, ndipo Master Duel ili ndi mndandanda wakewake. Maxx "C" amene mumamuona kumeneko ndi woletsedwa mu TCG kuyambira 2018. Makadi a OCG, osindikizidwira maiko a ku Asia, saloledwa pa mpikisano wa TCG ngakhale atakhala enieni. Pot of Greed amene mumamukumbukira pa katuni ndi woletsedwa kalekale.

Samalaninso ndi makadi abodza. Lenileni limakhala ndi kachizindikiro konyezimira pakona yakumunsi kudzanja lamanja, zilembo zake ndi zoyera bwino, ndipo Chingerezi chake sichikhala chothyokathyoka. Ngati paketi yonse ikunyezimira ndipo mtengo wake ndi wa kanyenya wa pamsewu, musaike ndalama zanu pamenepo. Ngati mpikisano ndi wa pakati pa anzanu, funsani okonza mndandanda umene akutsata, nthawi ya raundi, chimene chimachitika nthawi ikatha gemu ili m'kati, komanso ngati akulola makadi olemba pamanja. Funsani sabata isanakwane. Mbewa yamanyazi inafera kuuna.

## 2. Sankhani njira imodzi yopambanira

Tengani kope mulembe chiganizo chimodzi: "Ndikayamba ine, ndimaliza ulendo wanga woyamba nditaika pansi zakutizakuti." Kenaka chachiwiri: "Akayamba mnzanga, ndiphwanya zimene wamanga ndi zakutizakuti." Ngati mukulephera kulemba ziganizo ziwirizi ndi maina a makadi, simunakhale ndi deki, muli ndi mulu wa makadi.

Kwa amene ndalama ndi zochepa, njira yodalirika ndi kugula mabokosi atatu a Structure Deck imodzi. Bokosi limodzi limakhala ndi kope limodzi la makadi ambiri ofunika, ndiye atatu amakupatsani makope 3. Mwachitsanzo, Structure Deck ya Blue-Eyes White Destiny, imene inatuluka mu 2025, ili ndi makadi a banja la Blue-Eyes komanso ena olowa mu deki iliyonse monga Ash Blossom ndi Effect Veiler. Ngati mukutuma wachibale wobwera kuchokera ku Johannesburg, mutumizireni chithunzi cha bokosilo ndipo mumuuze kuti atatuwo akhale ofanana. Akagula atatu osiyana mudzakhala ndi madeki atatu ofooka.

Chenjezo: mapaketi ang'onoang'ono otsegula mwamwayi si omangira deki. Ndalama yomweyo gulirani khadi lenileni limene mukulifuna.

## 3. Gawani makadi m'milu isanu

Yalani makadi onse pansi, muwagawe motere:

1. Oyambira: khadi loti lokha, popanda lina, likhoza kuyambitsa kaseweredwe kanu konse.
2. Opitiriza: khadi lokulolani kupitiriza mnzanu akakudulani pakati.
3. Njerwa: makadi amene deki imawafuna koma simufuna kuwatola m'manja. Osewera amawatcha brick.
4. Misampha ya m'manja: makadi oponya kuchokera m'manja pa ulendo wa mnzanu.
5. Ophwanya ndi oteteza: ogwetsa zimene mnzanu wamanga, kapena oletsa misampha yake.

Khadi limene silikulowa mu mulu uliwonse lichotseni, ngakhale litakhala lonyezimira kapena lodula kuposa onse. Poyambira pabwino pa deki ya makadi 40 ndi apa: oyambira 13, opitiriza 7, njerwa 3, misampha ya m'manja 12, ophwanya ndi oteteza 5. Mudzasintha mukayesa, koma yambani pamenepo.

## 4. Werengerani oyambira

Apa ndi pamene pagona mpikisano wonse, choncho musathamange. Woyamba kusewera amakhala ndi makadi 5 okha chifukwa satola pa ulendo wake woyamba. Wachiwiri amaona makadi 6. Funso ndi lakuti: pa makadi 5 amenewo, kangati mudzapeza loyambira ngakhale limodzi? Pa deki ya makadi 40, masamu amatuluka chonchi:

- oyambira 3: magemu 34 pa 100
- oyambira 6: magemu 58 pa 100
- oyambira 9: magemu 74 pa 100
- oyambira 12: magemu 85 pa 100
- oyambira 14: magemu 90 pa 100
- oyambira 15: magemu 92 pa 100

Yang'anani bwino manambalawa. Munthu wa oyambira 9 amamva ngati deki yake ili bwino chifukwa imagwira katatu pa kanayi. Koma pa magemu 12, ndiye kuti pafupifupi atatu adzangokhala n'kumayang'ana mnzake akusewera. Magemu atatuwo, mukaluzanso ina imodzi, akhoza kukhala maraundi awiri otayika, ndipo maraundi awiri ndi okwanira kukuchotsani pa mndandanda wa apamwamba. Wa oyambira 14 zimamuchitikira pafupifupi kamodzi kokha. Onaninso kuti kuchoka pa 9 kufika pa 12 mumapindula 11, koma kuchoka pa 14 kufika pa 15 mumapindula 2 basi. Mukafika pa 13 kapena 14, malo otsalawo apatseni ntchito zina.

Ichi ndi chifukwa chake tikulimbikira pa 40. Oyambira 12 omwewo mukawaika mu deki ya 45, mwayi umatsika kuchoka pa 85 kufika pa 81. Mu deki ya 60 umagwera pa 69. Khadi lililonse loposa 40 limatalikitsa makadi anu abwino. Madeki ena amamangidwa dala ndi makadi 60 chifukwa ali ndi oyambira ochuluka kwambiri, koma ngati simungathe kufotokoza ndi manambala chifukwa chimene mwaikira khadi la 41, libwezereni m'bokosi.

Powerenga, khadi losaka limawerengedwa ngati loyambira ngati chimene limasaka ndi choyambira. Spell imene imakutengerani chilombo choyambira kuchokera mu deki ndi kope lina la chilombocho.

Chenjezo loyamba: khadi lofuna linzake kuti ligwire si loyambira. Ambiri amadzinamiza pano, amawerenga 15 pamene enieni ndi 8. Yesani chonchi: ikani khadilo m'manja limodzi ndi mapepala anayi opanda kanthu. Ngati mungafike pa chimene munalemba pa sitepe 2, ndi loyambira. Ngati ayi, lipite ku mulu wa opitiriza.

Chenjezo lachiwiri: Normal Summon, kuika chilombo pansi mwachizolowezi kuchokera m'manja, ndi imodzi pa ulendo. Sage with Eyes of Blue amasaka Tuner (chilombo chofunika poika zilombo za Synchro za mu Extra Deck) ya Level 1 ya LIGHT pokhapokha mwamuika pansi mwa Normal Summon. Ngati oyambira anu onse 13 amadalira Normal Summon, mukatola atatu awiriwo angokhala, ndipo mnzanu akaletsa woyambayo ndi Effect Veiler ulendo wanu watha. Sakanizani: pafupifupi 6 kapena 7 a Normal Summon, otsalawo akhale ma Spell kapena zilombo zodziika zokha mwa Special Summon.

## 5. Chepetsani njerwa

Blue-Eyes White Dragon ali ndi ATK 3000, koma ndi Level 8, amafuna kuperekera zilombo ziwiri, ndipo m'manja oyamba sachita kanthu. Malo ake ndi mu deki, kumene makadi ena amakamutenga. Njerwa imodzi mu 40 mudzaiona m'manja oyamba magemu 12 kapena 13 pa 100. Ziwiri, magemu 24. Zitatu, magemu 34. Choncho pa khadi lililonse la mulu umenewu dzifunseni: kaseweredwe kanga kamafuna makope angati kuti kathe? Ngati ndi awiri, lachitatu lichoke.

Werenganinso mawu apansi pa khadi. Pamene palembedwa kuti "You can only use this effect of" dzina la khadi "once per turn", ndiye kuti kope lachiwiri m'manja silichita kanthu ulendo umenewo. Oyambira ikani atatu ngakhale ali otere, chifukwa mukufuna kuwaona. Opitiriza otere, awiri kapena limodzi nthawi zambiri amakwana.

## 6. Sankhani misampha ya m'manja molingana ndi anthu amene mudzakumane nawo

Theka la magemu mudzakhala wachiwiri. Popanda chodulira mnzanu, adzamanga zonse zimene akufuna inu mukuonerera. Dziwani ntchito ya msampha uliwonse:

- Ash Blossom & Joyous Spring amaletsa effect yotenga khadi mu deki kupita m'manja, yoika chilombo kuchokera mu deki, kapena yotumiza khadi ku Graveyard (mulu wa makadi ogwiritsidwa kale ntchito) kuchokera mu deki.
- Effect Veiler amazimitsa chilombo chimodzi cha mnzanu, koma mu Main Phase ya mnzanuyo basi.
- Infinite Impermanence ndi Trap yozimitsa chilombo chimodzi cha mnzanu, imene mungaponye kuchokera m'manja ngati mulibe khadi lililonse pansi.
- Nibiru, the Primal Being amadikira mnzanu aike zilombo 5 mu ulendo umodzi, kenaka amasesa zilombo zonse zoyang'ana kumwamba.
- Droll & Lock Bird amatseka kusaka konse kwa ulendowo mnzanu akangosaka kamodzi.
- D.D. Crow amachotsa khadi limodzi mu Graveyard ya mnzanu.

Musangokopera zimene opambana ku Europe anaika. Iwo ankakonzekera madeki a kumeneko. Gulu la osewera kuno ndi laling'ono, ndipo ubwino wake ndi wakuti mungadziwe pafupifupi deki ya aliyense. Lembani maina a madeki amene mukuyembekezera. Ngati ambiri ndi a ma Trap, oika chilombo chimodzi kapena ziwiri pa ulendo, Nibiru adzakhala njerwa m'manja mwanu tsiku lonse. M'malo mwake ikani Cosmic Cyclone, amene mumalipira 1000 LP n'kuchotseratu Spell kapena Trap imodzi, kapena Lightning Storm, imene ingaphwanye ma Spell ndi ma Trap onse a mnzanu. Ngati ambiri ndi oika zilombo zambirimbiri, Nibiru ndi Dark Ruler No More, yozimitsa ma effect a zilombo zonse za mnzanu zoyang'ana kumwamba, ndiwo anzanu.

Chenjezo: Lightning Storm imafuna kuti musakhale ndi khadi loyang'ana kumwamba patebulo, ndipo mukaponya Dark Ruler No More mnzanu salandira damage ulendo wonsewo. Makadi otere ndi a wachiwiri. Mukayamba inu, angokhala m'manja. N'chifukwa chake ambiri a iwo malo awo ndi mu Side Deck.

## 7. Dzazani Extra Deck

Extra Deck simuitola, ndiye palibe chifukwa choikira ochepera 15. Yambani ndi zilombo za kaseweredwe kanu, makope awiri pa zimene mumaziikanso pa ulendo wachitatu. Malo otsala ikani zochotsera zovuta. Chilombo chilichonse mutsimikize kuti mungachiike ndi makadi a mu Main Deck yanu: Synchro popanda Tuner ya Level yoyenera ndi chokongoletsa chabe.

## 8. Mangani Side Deck ndi pepala lake

Gemu yoyamba ikatha mumaloledwa kusinthana makadi ndi Side Deck, khadi limodzi kulowa, limodzi kutuluka, kuti chiwerengero chisasinthe. Amene waluza gemu yapitayo ndiye amasankha woyamba, ndipo nthawi zambiri amadzisankha yekha. Tanthauzo lake ndi ili: mukawina gemu yoyamba, konzekerani kukhala wachiwiri. Mukaluza, konzekerani kuyamba.

Gawani makadi 15 motere: 6 a pamene muli wachiwiri, 3 mpaka 5 a pamene mukuyamba, otsalawo olimbana ndi deki imene imakuvutani kwambiri. Ndiye chitani chimene ambiri amachidumpha. Pa deki iliyonse imene munalemba pa sitepe 6, lembani makadi olowa ndi makadi otuluka. Kulowetsa n'kosavuta, chovuta ndi kudziwa chotulutsa. Munthu wopanda pepalali amapanikizika ndi nthawi, amachotsa oyambira atatu, ndipo deki imene anaiwerengera bwinobwino imagwa kuchoka pa 13 kufika pa 10. Lamulo lanu likhale lakuti oyambira sakhudzidwa. Tulutsani misampha yosagwira pa mnzanuyo ndi ophwanya osafunika. Pepalalo lilowezeni musanapite, chifukwa si okonza onse amalola kuwerenga zolemba m'kati mwa raundi.

## 9. Yesani, lembani, sinthani pang'ono

Yambani nokha. Sakanizani bwino, tolani 5, lembani chimodzi mwa zitatu: manja abwino, manja apakati, manja akufa. Chitani zimenezi kokwana 50. Akufa akapitirira 7, bwererani ku sitepe 4 ndi 5. Pa manja aliwonse akufa lembani khadi limene linali lopanda ntchito. Dzina likabwera kanayi kapena kasanu, mwapeza lochotsa.

Kenaka itanani mnzanu. Sewerani magemu 20, khumi muyambe inu, khumi ayambe iye. Mumuuze aponye Ash Blossom pa malo osiyanasiyana a kaseweredwe kanu kufikira mutadziwa pamene mumafera. Monga pa bawo, katswiri amawerenga njira yonse asananyamule nkhomo, inunso muzidziwa musanaponye khadi loyamba kuti akakudulani apa mudzera uku. Sewerani magemu ena ndi Side Deck, chifukwa pa raundi yofika magemu atatu, awiri ndi a pambuyo posintha makadi. Tcherani wotchi ya pafoni. Deki imene ulendo wake umodzi umakutengerani mphindi 10 idzakuthetserani nthawi.

Khadi limene simunagule liyeseni kaye polemba dzina ndi effect yake papepala n'kulilowetsa mu silivu patsogolo pa khadi lina. Mukaona kuti likugwiradi ntchito, ndiye tumani.

Chenjezo: musasinthe makadi oposa 2 kapena 3 nthawi imodzi, apo ayi simudzadziwa chimene chathandiza. Musachotsenso khadi chifukwa cha gemu imodzi yowawa.

## 10. Konzani deki ya tsikulo

Masiku awiri mpikisano usanachitike, lekani kusintha. Lembani mndandanda wa deki ndi maina athunthu, kenaka werengani makadi mowayang'anitsa ndi pepalalo. Masilivu a Main ndi Side akhale a mtundu umodzi, akale mofanana. Silivu yong'ambika pakona kapena yodetsedwa imaoneka ngati chizindikiro, ndipo woweruza angakulangeni ngakhale simunachite dala.

Nyengo yathu ya m'mbali mwa nyanja imawononga makadi msanga. Onyezimira amapindika ndi chinyezi, ndipo khadi lopindika limadziwika lili mu deki. Asungeni othinana m'kabokosi, muikemo kapaketi koyamwa chinyezi kaja kamene kamabwera m'bokosi la nsapato kapena la foni yatsopano. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala musasiye bokosi padzuwa kapena pawindo la minibasi. Mukasewerera kumchenga ku Senga Bay, pukutani masilivu limodzilimodzi, chifukwa kamchenga kamodzi kamakanda onse posakaniza. M'nyengo ya mwera musayale makadi panja.

## Zolakwika zofala

Kuphatikiza mabanja atatu mu deki imodzi. Blue-Eyes pang'ono, Dark Magician pang'ono, Red-Eyes pang'ono, chifukwa onse mumawakonda. Makadiwa sasakana, ndipo m'manja mumabwera chidutswa cha banja lililonse. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sankhani banja limodzi, lachiwiri lilowe pokhapokha ngati likuwonjezera oyambira popanda kulanda Normal Summon.

Kuiwala makadi a dzina lobisika. Harpie Lady 1, 2 ndi 3 onse amawerengedwa ngati "Harpie Lady", ndipo A Legendary Ocean amawerengedwa ngati "Umi". Onse pamodzi asapitirire 3.

Kuponya Ash Blossom pa kusaka koyamba kumene mwaona. Wosewera wochenjera amaponya nyambo dala. Phunzirani khadi lenileni limene deki yake imadalira, msampha wanu udikire limenelo.

Kukopera deki ya pa intaneti popanda kuona deti. Deki imene inawina miyezi isanu yapitayo ikhoza kukhala ndi makadi amene pano ndi Limited kapena Forbidden.

Kusanja deki m'malo moisakaniza. Kuyala chilombo, Spell, Trap motsatizana n'kungodula kamodzi ndi chinyengo pa mpikisano, komanso kumakunamizani poyesa kunyumba: deki imaoneka yabwino, mnzanu akaisakaniza zenizeni zimaonekera.

Kusabwezeretsa deki raundi ikatha. Raundi yatsopano iliyonse imayamba ndi deki monga ilili pa mndandanda umene munapereka. Musanadzuke patebulo, tulutsani makadi a Side, muwerenge kuti ndi 15, muwerengenso Main kuti ndi 40, ndipo muone ngati palibe khadi la mnzanu limene latsalira mu Graveyard yanu.